Mnyamata amene ankatchedwa pholo la ZESCO

Kale masewera mu Lusaka ankadziwa kwawo. Mpira wamiyendo unali wa aliyense, chifukwa mwana wa ku Kanyama akatola mapulasitiki n'kuwakulunga ndi chingwe, n'kuika miyala iwiri uku, iwiri uko, bwalo lakwana. Nkhonya nazo zinali zathu za ku komboni: Esther Phiri anachoka pogulitsa ndiwo zamasamba ku Mtendere n'kukatenga malamba a dziko lonse. Koma basketball ayi. Ameneyu tinkati ndi mpira wa apamwamba, wa ana a ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kapena wa ophunzira a pa yunivesite ya UNZA ovala nsapato zodula kuposa lendi ya nyumba ya zipinda ziwiri. Panalinso chifukwa chake. Mpirawu sunjanja bwino pa fumbi, umafuna simenti, ndipo ku komboni malo osalala akapezeka lero, mawa mwagwa maziko a bala kapena a tchalitchi.

Ndiye mukandiona ndikuyenda monyang'wa masiku ano, musadabwe. Ndili ndi nkhani ya mwana wa mlongo wanga wa ku komboni ya George, ndipo ndimaifotokoza kwa aliyense amene wakhala nane pafupi m'basi, afune asafune.

Mnyamatayu anakula mopupuluma. Asanakwanitse zaka 15 anali atapitirira kale chitseko cha nyumba ya mayi ake, koma thupi linakana kutsatira, linangopita m'mwamba basi. Anzake anamutcha pholo la ZESCO, ndipo poti magetsi kwathu kuno ali ndi mbiri yake, ankawonjeza kuti ndi pholo lopanda magetsi. Iye pofuna kubisa msinkhu anayamba kuyenda chowerama, mapewa atagwa, maso pansi. Ku mpira wamiyendo ankamuika pagolo, osati chifukwa ankagwira, koma kuti asapunthwitse ena pakati.

Mayeso a Giredi 9 anamukana. Bambo ake anali atamwalira kale, mayi ake amagulitsa vitumbuwa ndi malasha m'mbali mwa msewu, ndipo ndalama yobwerezera kalasi inalibe kochokera. Anayamba kuswera pa siteshoni ya mabasi, kuitanira anthu kuti apatsidwe tindalama tachitsulo. Madzulo ankabwera akununkha. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma aliyense wa ku komboni akudziwa kuti mowawo unangovula pepala n'kulowa m'timabotolo. M'nyumba zinthu zinayamba kumera miyendo. Poyamba inasowa mbaula, kenako poto wamkulu wokazingira vitumbuwa, ndipo tinamva kuti anakayezedwa pa sikelo kwa ogula zitsulo zakutha. Anthu oyandikana nawo anayamba kumutchula pamodzi ndi ma junkies, anyamata aja amene akakupezani usiku pakona mumangopereka foni musanafunsidwe.

Mlongo wanga anandiimbira foni akulira. "Alongo, mwana wanu uyu wandikanika. Bwerani mudzamutenge, mwina inu akumverani."

Ndinapita, ndinakhala pa mpando wa alendo, ndinalankhula mawu onse amene malume amayenera kulankhula. Iye ankangoti, "Ndamva, amalume." Nditakwera basi yobwerera, iye n'kuti ali kale pa siteshoni, ndipo ndi iyeyo amene anandipezera mpando wakutsogolo.

Amene anamugwira ndi munthu wamfupi, wowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, yemwe anasewerako basketball ali mnyamata. Onse amangoti ba Coach. Bamboyu anapempha kasimenti kakale kuseri kwa tchalitchi china, anapinda yekha chitsulo kukhala ringi, anakhoma matabwa kukhala bolodi, n'kuimika zonsezo pa paipi yozikidwa m'konkire. Anayeza ndi tepi yake ya kuntchito kuti ringi ikhale mamita 3.05 kuchokera pansi, monga mwa lamulo, chifukwa amati mwana wophunzirira pa ringi yabodza amakachita manyazi kwa eni ake. Tsiku lina akudutsa pa siteshoni anaima, anayang'ana m'mwamba, n'kunena kuti, "Iwe mwaiche, tiye ukandithandize. Ndili ndi neti yoti ndimange koma ndilibe makwerero."

Sanamuuze za kuipa kwa mowa. Sanamuuze za tsogolo. Anangomuuza kuti alibe makwerero. Mnyamata anakwera pa kireti ya zakumwa, anamanga neti, ndipo ana aang'ono amene anazungulira pamenepo anamuombera m'manja. Aka kanali koyamba kuti msinkhu wake ugwire ntchito. Potsika anapatsidwa mpira kuti aponye. Unapita kukagwera pa denga la chimbudzi cha tchalitchi. Ba Coach anati, "Mawa 15 hours. Ukachedwa uthamanga."

Masabata oyamba anali chisangalatso cha komboni yonse. Mpira unkamuthawa, ukabwerera unkamupeza pamphuno. Ankati akaugwira n'kuyamba kuthamanga nawo osaunjanjitsa, wezulo n'kulira, ana n'kugwa ndi phwete. Dzanja lamanzere linkachita zake. Ba Coach anamuuza kuti aziyenda kuchokera kunyumba mpaka ku bwalo akunjanjitsa mpira ndi dzanja lomwelo, ndipo amene amadziwa misewu ya ku George, ndi miyala yake ndi ngalande zake, akudziwa kuti ameneyo anali mayeso okhwima kuposa a Giredi 9 aja.

Ine ndimati chimene chinamusintha si mpira weniweniwo koma malamulo a munthu wamfupiyu, ndi momwe anawalukira. Wonunkha mowa sathamangitsidwa, amakhala pansi n'kuonerera anzake mpaka kumapeto, chomwe ndi chilango chowawa kuposa kubwezedwa. Wotukwana amachotsedwa m'bwalo. Wojomba kusukulu sakhudza mpira, ndipo temu ikatha aliyense amabweretsa lipoti lake, ba Coach n'kuliwerenga mokweza ndi magalasi awo omata ndi selotepi. Koma lamulo lanzeru koposa ndi ili: mmodzi akachedwa, timu yonse imathamanga kuchokera mzere uwu kukagunda mzere uwo mpaka malilime atatuluka. Zotsatira zake, ikamakwana 14 hours anyamata anayi ankakhala ali pa siteshoni kudzamukoka. Ntchito imene inakanika malume, mayi ndi akuluampingo inagwiridwa ndi anzake oopa kuthamanga.

Masewerawa nawonso ali ndi maphunziro ake obisika, ndipo mphunzitsi wochenjera amangowavundukula. Osewera ndi asanu okha mbali iliyonse, choncho palibe pobisala. Waulesi amaonekera nthawi yomweyo. Timu ikagwira mpira ili ndi masekondi 24 oti iponye, ndiye kuzengereza kulibe malo. Ukalakwira anzako kasanu umatuluka osabwereranso. Mnyamata wathu, yemwe pa siteshoni anazolowera kuti wokukankha umamubwezera pomwepo, anatulutsidwa m'masewera ake oyamba gawo lachiwiri lisanathe. Anakhala pa benchi akufufuma. Ba Coach anamuyandikira n'kumufunsa kuti, "Mkwiyo wako wagoletsa zingati?" Kuyambira pamenepo anaphunzira kuwerenga zolakwa zake ndi zala, ndipo munthu amene amawerenga mkwiyo wake wayamba kale kuulamulira.

Mayi ake poyamba sanafune kumva. Ba Coach atapita kukadzionetsa, anawalandira ataimirira, chipande chili m'manja.

"Ba Coach, mpira wanuwo umadyedwa?"

"Sudyedwa, amayi. Koma kuyambira 15 hours mpaka 18 hours muzidziwa kumene mwana wanu ali. Akachoka kumeneko azibwera atatopa, azingofuna nsima ndi tulo."

Mlongo wanga anaganiza pang'ono, n'kuwapatsa vitumbuwa viwiri. Kwa amene amamudziwa, chimenecho chinali chidindo.

Njira imeneyi ba Coach sanailote. Lusaka ili ndi mbiri yake pa nkhani yolera ana kudzera m'masewera, ndipo inayambira pa chisoni. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Edzi itasiya ana amasiye m'nyumba zambiri, a Clement Chileshe anayambitsa bungwe la Sport in Action mu 1998, ndipo mu 1999 kunabadwa EduSport Foundation, yomwe mmodzi mwa oiyambitsa ndi a Oscar Mwaanga. Mu 2001 kunabwera mgwirizano wa Kicking AIDS Out, wophunzitsa za matendawa pogwiritsa ntchito masewera, ndipo EduSport inatsegula pologalamu ya atsikana yotchedwa Go Sisters. Nzeru yawo yaikulu inali yakuti mphunzitsi wa mwana wa ku komboni asachokere kutali: mnyamata kapena mtsikana wa zaka 16 aphunzitsidwe, kenako iye aphunzitse ang'onoang'ono a mumsewu mwake. Ophunzira a m'mayunivesite a ku Britain akhala akubwera kudzathandiza m'malo monga Mtendere ndi Kalingalinga, ndipo tiwathokoze, koma iwo amabwera n'kupita. Otsala ndi wezulo pakhosi mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndi anthu ngati wowotcherera mageti uja.

Mu Januwale 2022 boma linathetsa fizi m'sukulu zake mpaka Giredi 12. Ba Coach sanadikire kuti mawu azizire. Anamutenga mnyamatayo n'kupita naye yekha kukapempha malo obwereza Giredi 9. Anakhala pa desiki lakumbuyo, mawondo akugunda thabwa, pakati pa ana omufika m'chiuno. Ankasekedwa, koma tsopano anali ndi chifukwa chopiririra: wopanda lipoti sakhudza mpira. Chaka chitatha anakhoza. Mlongo wanga anandiimbira foni ndipo kwa kanthawi sindinamve mawu aliwonse, nthungululu zokhazokha, mpaka ndinachotsa foni kukhutu.

Tsiku limene sindidzaiwala ndi la mpikisano wa achinyamata ku Olympic Youth Development Centre, pafupi ndi National Heroes Stadium pa Great North Road. Malowa anatsegulidwa mu Meyi 2010 ndi Pulezidenti Rupiah Banda pamodzi ndi Jacques Rogge, yemwe panthawiyo anali mkulu wa komiti ya Olimpiki ya dziko lonse, ndipo anali oyamba a mtundu wake pansi pa pologalamu ya Sport for Hope. Anyamata a ku George anafika wapansi, majezi awo ali a pa salaula, manambala olemba ndi penti. Atangoponda bwalo lenileni, la mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi, lokhala ndi maringi awiri, mmodzi anafunsa ba Coach ngati lonselo n'lawo. Kwawo anazolowera theka.

Mayi ake anatseka bizinesi tsiku limenelo, chinthu chimene sanachite ngakhale pa ukwati wa msuweni wathu. Anabwera atavala chitenge chatsopano, osadziwa lamulo ngakhale limodzi. Timu inayo itagoletsa, iye anaimirira n'kululutira ndi mtima wonse, mpaka mtsikana wina anamukoka chitenge kumuuza kuti amenewo ndi adani. Kenako mwana wake analumpha n'kutchinga mpira wa mnyamata wina m'mwamba, kuuchotsa usanafike pa ringi, anautola, anathamanga nawo akunjanjitsa ndi dzanja lamanzere lija, n'kuuika m'neti mofatsa. Ine amene ndimadzitcha munthu wodekha ndinapezeka nditaimirira pa benchi ndikukuwa kuti, "Ndi wathu ameneyo! Ndi wa kwa ife!" Patangopita nthawi pang'ono wina anamugwetsa, ndipo mlongo wanga analowa m'bwalo kukafunsa kuti mwana wa ndani ameneyu wopanda mwambo. Panafunika ba Coach ndi woyimbira kuti amutulutse mwaulemu. Anagonja masewerawo ndi mapointi ochepa, koma pobwerera munthu akanayesa atenga chikho.

Lero mayi yemweyo amadziwa malamulo kuposa ine. Mukamumva akukuwa kuti "Travel!" woyimbira asanaimbe wezulo, simungakhulupirire kuti ndi amene ankafunsa ngati mpira umadyedwa.

Maloto akuluakulu alipo, ndipo sindiwanyoza. Mwana aliyense pa kasimenti kaja amadziwa kuti Hakeem Olajuwon wa ku Nigeria anali goloboyi wa mpira wamiyendo asanagwire basketball ali ndi zaka pafupifupi 15, ndi kuti Joel Embiid wa ku Cameroon anaonedwa pa kampu ya Luc Mbah a Moute mu 2011 n'kudzakhala wosewera wopambana onse mu NBA mu 2023. Chiyambireni Basketball Africa League ku Kigali mu 2021, malotowo afupikirako. Ndipo ana a ku George safunika kuyang'ana kutali, chifukwa pafupi pawo pali Matero Magic, timu yotenga dzina la komboni, yomwe yakhala akatswiri a Zambia kangapo ndipo yaimirirapo dziko m'mipikisano yosankha matimu olowa mu ligi ya Africa ija. Mnyamata wathu atawaonerera koyamba akusewera sanagone. Ku Malawi nakonso kuli Bravehearts ya ku Lilongwe, yomwe a Griffin Kalua anayambitsa, ndipo imadziwika pothandiza osewera ake pa sukulu.

Koma kunena zoona, mwa ana onse a pa kasimenti kaja mwina palibe amene adzaponde America. Ba Coach amadziwa zimenezi ndipo sawanamiza. Amawauza kuti matimu a UNZA Pacers ndi Green Buffaloes ali pompano, kuti wina amaloweramo kudzera ku yunivesite, wina kudzera ku usilikali, ndi kuti makomo onse awiriwo amafuna setifiketi. Ine ndimakayikira mphunzitsi aliyense amene amalonjeza mwana ndege. Amene amafunsa lipoti la kusukulu ndiye ndimamukhulupirira. Si onse amene amakhalitsa. Mnzake wina amene anayamba naye limodzi anabwerera ku siteshoni, ndipo ba Coach amaimabe pomwepo akamadutsa, kumuuza kuti malo ake alipo.

Chimene chimandisangalatsa koposa ndi chakuti tsopano wezulo wachiwiri uli pakhosi pa mwana wa mlongo wanga. Loweruka m'mawa amaphunzitsa ana osakwana zaka 12, ndipo ambiri mwa iwo ndi atsikana. Kupeza atsikanawo ndi ntchito payokha, chifukwa mtsikana wa ku komboni amadzuka ndi zigubu zokatunga madzi, mbale zotsuka ndi mwana wa kumsana. Iye amayenda khomo ndi khomo, amagwada, n'kunena kuti, "Amayi, ndabwera kudzapempha mwana wanu kwa maola awiri, ndimubweza ndekha." Akauzidwa kuti madzi sanatungidwe, amatenga wilibala n'kukatunga yekha ndi anyamata ake. Munthu amene ankathawidwa pakona tsopano amatumiziridwa ana. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, anatero akale, koma sindinkayembekezera kuti mwambiwu udzakwaniritsidwa ndi amene anagulitsa poto wa mayi ake.

Za potoyo, anabweza. Ba Coach anayamba kumutenga ku ntchito yowotcherera masiku a tchuthi, ndipo ndalama yake yoyamba anagula poto wamkulu kuposa woyamba uja. Anauika pakhomo osanena kanthu. Mayi ake anauyang'ana, anamuyang'ana iye, n'kunena kuti, "Nanga mbaula?" Mbaula anaipanga yekha ndi manja ake sabata yotsatira.

Kumayambiriro kwa 2024, kolera atavuta mpaka National Heroes Stadium kusanduka chipatala, sukulu n'kuchedwa kutsegulidwa mpaka mu Febuluwale, iye ndi anzake ndi amene ankayenda m'nyumba za ana a timu yawo kukumbutsa za kuthira klorini m'madzi akumwa. Masewera atayambiranso anaika ndowa ndi sopo pambali pa bwalo, ndipo wosasamba m'manja sakhudza mpira. Malamulo a ba Coach amaswana okha.

Wamaliza Giredi 12. Amayenda chilili, mapewa ali m'mwamba, moti vuto latsopano m'banja mwathu ndi lakuti amagunda mutu pa mphuthu ya chitseko cha mayi ake pafupifupi tsiku lililonse. Akandiona amati, "Amalume, mubwere Loweruka mudzaponyeko." Ndinaponyako. Ana aja anaseka mpaka ena kukhala pansi, ndipo iye anandigwira paphewa n'kundiuza kuti ndipinde mawondo, chigongono chiloze ku ringi.

Mavuto sanathe. Mvula ikagwa kasimenti kamamira, ndipo ana amayamba akolopa asanasewere. Mipira ndi yochepa, ndipo simenti yokhakhala imadya chikopa msanga. Dzuwa likalowa masewera atha, chifukwa palibe getsi. Apa ndi pamene ndimafuna makhansala ndi aphungu athu amve. Thumba la Constituency Development Fund linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, ndipo zopempha zimayambira ku makomiti a chitukuko a m'mawodi. Misonkhano imeneyo imakhala ndi anthu okumbukira misika, ngalande ndi zipatala, zomwe ndi zofunika ndithu, koma kawirikawiri sipakhala wotchula bwalo la ana. Makolo a ku George, Chawama, Kanyama, Matero, Mtendere ndi Kalingalinga, pitani mukalitchule, ndipo mukaumirire kuti lilembedwe.

Inu ena amene munasewerako kale ndipo tsopano mimba yakula, pali chinthu chimodzi chimene mungachite sabata ino. Nsapato zazikulu, za saizi 11 kupita m'mwamba, n'zosowa pa salaula, ndipo zikapezeka mtengo wake ndi woopsa, moti anyamata ataliatali ambiri amasewera zala zitapindika kapena nsapato itang'ambidwa kutsogolo. Ngati muli nazo zongokhala pansi pa bedi, zichapeni, mufunse kumene kuli bwalo la basketball m'dera lanu, mukazipereke kwa kochi wa pamenepo.